Manyuwo kapena otomatiki, funsani kaye amene adzaikonze

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi achinyamata, komanso ena amene unyamata unawapitirira koma mtima sunamve, omwe akusunga ndalama kuti aitanitse galimoto yaliwiro yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan. Galimoto zimenezi zayamba kuonekaoneka mu Lilongwe muno: zazifupi, za zitseko ziwiri, zolira mokweza. Paliponse pamene eni ake ndi ozikhumbira akumana, kaya potsukitsa galimoto kaya podya kanyenya Loweruka masana, mkangano ndi umodzimodzi: manyuwo kapena otomatiki? Chondidandaulitsa n'chakuti mkanganowo umangothera pa ulemu, pa kuti dalaivala weniweni ndani. Za munthu amene adzatsegule giyabokosi tsiku limene idzayambe kuvuta, palibe amazitchula.

Ine ndili ndi Toyota 86 ya 2013, ya manyuwo, magiya 6. Ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku Old Town, ndipo kuyendetsa ndinaphunzirira pa pikapu yonyamula zitsanzo za fodya ku Kanengo, nthawi imene otomatiki tinkangoimva m'nkhani. Mbali yanga ikudziwikiratu. Koma sindinasankhe manyuwo kuti anthu anditame umuna.

Zaumunazo tizichotseretu. Amene amati otomatiki ndi ya amayi kapena ya aulesi adziwe kuti Nissan GT-R imene inatuluka mu 2007, yomwe anyamata amaika chithunzi chake pa foni, ilibe pedulo ya klatchi n'komwe. Mu mpikisano wa Formula One, Ferrari inayamba kusintha magiya ndi tizitsulo ta kuseri kwa chiwongolero mu 1989, ndipo anzake onse anatsatira. Pa changu chosinthira giya makina anatisiya kalekale. Kwathu kuno amayi ambiri anaphunzirira pa manyuwo ndipo amaiyendetsa mwaluso kuposa anyamata amene amanyoza otomatiki koma pa chitunda amabwerera m'mbuyo.

Chifukwa changa chagona pa mmene giyabokosi ziwirizi zimafera.

Munthu wogula Sienta ku Japan amagula kuti azitengera ana kusukulu. Wogula 86, Fairlady Z, RX-8 kapena Impreza WRX amagula kuti aithamangitse, ndipo kumeneko kuli mabwalo a mpikisano, monga Tsukuba ndi Fuji, kumene munthu wamba amalipira n'kulowa ndi galimoto yake. Ikamafika kuno ili ndi zaka 10 kapena kuposerapo, giyabokosi yake yaona zambiri. Tsiku lina idzavuta basi.

Manyuwo ikadwala imadandaula poyera. Klatchi ikamatha umadziwa: uli pa giya yachisanu, ukuponda moto pokwera chitunda, injini ikulira koma galimoto osawonjezera liwiro. Pedulo imayamba kugwirira m'mwamba. Nthawi zina kumamveka kafungo kopserera. Ngakhale zili choncho, ukhoza kuyenda nayo mofatsa kwa kanthawi ndithu uku ukusakasaka ndalama. Zosintha ndi zitatu, klatchi puleti, pulesha puleti ndi beringi, ndipo zonse zimakwana m'katoni imodzi imene mnzako wochokera ku Johannesburg pa basi akhoza kukutengera. Ntchito yake makaniko wa ku Biwi amene anatsitsapo giyabokosi ya Hilux kapena ya minibasi amaidziwa, pakuti 86 ili ndi injini kutsogolo, mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, giyabokosi inagona motalika pansi. Palibe chachilendo kwa iye.

Otomatiki ndi nkhani ina. Mphamvu ya injini imadutsa mu oyilo, m'chipangizo chimene amakaniko amati torque converter, ndipo magiya amasinthidwa ndi timavavu, timasolenoidi ndi kompyuta. Oyiloyo ndi amene amakankha, kuziziritsa ndi kufewetsa nthawi imodzi, n'chifukwa chake giyabokosi iliyonse imafuna mtundu wake. Ya 86 imafuna wolembedwa WS. Ya Fairlady Z ya magiya 5 imafuna Matic J. Ya CVT, mtundu wina wa otomatiki umene uli m'galimoto zing'onozing'ono zambiri, imafuna wina wosiyana kotheratu. Zambiri zatsopanoko zilibe ngakhale kandodo koyezera oyilo, moti mwini wake sangaone yekha ngati wada kapena wachepa.

Mlamu wanga ali ndi Fairlady Z ya otomatiki, injini ya 3.5, galimoto yamphamvu kuposa yanga kutalitali. Anakasinthitsa oyilo wa giyabokosi pa galaja ina, sinditchula dzina, ndipo anyamata anathiramo oyilo wofiira wa m'chigubu chopanda chizindikiro, poti kwa iwo wofiira aliyense ndi yemweyo. Kwa miyezi ingapo zonse zinaoneka bwino. Kenako galimoto inayamba kugunda posintha giya. Kenako akaika rivesi inkayamba yaganiza kaye isanagwire. Pofika pozindikira n'kuti zam'kati zitadyeka. Anazungulira magalaja, ndipo yankho linali limodzi: “Bwana, iyi sitimatsegula, tingogula ina.” Inayo ndi giyabokosi yochotsedwa m'galimoto ina yakufa kunja, yolemera moti pa basi siingakwere ngati katundu wa m'manja, yogulidwa ndi madola. Kugula giyabokosi yotero kuli ngati kugula belo la kaunjika losatsegula: umadziwa chimene wagula utalipira kale. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tonse tikukudziwa, galimoto ya mlamu wangayo ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake.

Sindikuti otomatiki ndi yofooka. Ikamwa oyilo woyenera pa nthawi yake imakhalitsa, mwinanso kuposa klatchi. Mu Lilongwe muno alipo amakaniko odziwa otomatiki, okhala ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, koma ndi owerengeka ndipo mtengo wawo amaudziwa. Amene akuganiza za Golf GTI achenjere kawiri, chifukwa giyabokosi yake ya DSG si otomatiki wamba. Ili ndi maklatchi awiri olamulidwa ndi kompyuta, ndipo ya magiya 6 imafuna oyilo watsopano pa makilomita 60,000 aliwonse. Funsani ngati mwini wake wakale ankatero. Ngati palibe pepala losonyeza, yesani kuti sankatero.

Tsopano ndinene zoipa za mbali yanga, chifukwa zilipo ndipo anzanga a manyuwo sakonda kuzimva.

Ku Japan pafupifupi galimoto zonse zatsopano zimagulitsidwa za otomatiki, ndipo kuyambira mu 1991 kuli laisensi ya otomatiki yokha. Munthu amene anakakamira kugula manyuwo kumeneko ndi wokonda liwiro weniweni. Choncho manyuwo ndi zochepa pamsika, mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo ndi zimene zazunzika kwambiri. Otomatiki ya mtundu womwewo kawirikawiri inali ya munthu wofatsirapo, amene ankangofuna maonekedwe. Palinso ichi: otomatiki siilola dalaivala kuphonya giya, pamene pa manyuwo munthu wofuna kuika yachinayi akhoza kulowetsa yachiwiri ali pa liwiro, injini n'kuzungulira kupitirira malire ake. Bala lotero pa chithunzi cha pa intaneti silioneka.

N'chifukwa chake pepala la okushoni ndimaliona ngati chinthu chachikulu kuposa utoto ndi marimu. Galimoto ikadutsa pa okushoni ku Japan, woyendera amalemba pepala la momwe ilili. Pamalo a giyabokosi, F5 kapena F6 ndiye kuti manyuwo, FAT ndiye kuti otomatiki. Giredi 4 kupita m'mwamba ndi yabwino. R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo pa galimoto zaliwiro zilembo zimenezi n'zosasowa. Yang'anani ngati inatsitsidwa kuti ikhale yaifupi kwambiri, ngati paipi ya utsi inasinthidwa, ngati mpando wa dalaivala si wake. Zimenezi zimakuuzani moyo umene inakhala. Ikafika, musanasangalale, iyendetseni m'mawa injini ili yozizira, mumve ngati giya yachiwiri ndi yachitatu zikulowa popanda kukukuta. Kukukutako ndiye kuti timphete tam'kati totchedwa synchro tadyeka, ndipo imeneyo si ntchito ya katoni imodzi ayi.

Pali msampha wina umene ambiri sauganizira. Galimoto zathu zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, kenako zimayendetsedwa kudzera pa chipata cha Songwe, Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu mpaka kuno, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500. Amene amazibweretsa nthawi zambiri ndi anyamata olipidwa pa ulendo, ofuna kufika msanga kuti abwerere akatenge ina. Mupatseni mnyamata wotero galimoto yaliwiro ya manyuwo, usiku, palibe womuona. Klatchi imene inapulumuka zaka 10 ku Japan ikhoza kupsa isanaone Kasungu. Ine ndinakwera basi kukaitenga ndekha. Amene sangathe, alipire kuti ikwere pa lole yonyamula galimoto, kapena atume munthu wachikulire amene amamudziwa kwawo.

Za tsiku ndi tsiku, otomatiki imandiposa, sindikana. M'mawa kuchoka ku Kanengo kudzera pa Area 18 mpaka pa Crossroads, ndiyeno madzulo pa mlatho wa Lilongwe pamene minibasi, kabaza ndi anthu oyenda pansi onse amafuna kudutsa nthawi imodzi, mwendo wamanzere umagwira ganyu yosalipidwa. Yoyamba, nyutulo, yoyamba, yachiwiri, buleki, yoyambanso. Wa otomatiki pambali panga amakhala akumvera wailesi mwamtendere. Amene ali ndi vuto la bondo kapena msana, kapena galimotoyo ndi yokhayo pakhomo ndipo aziyendetsa anthu angapo, agule otomatiki ndipo asachite manyazi. Angosunga ndalama ya oyilo weniweni, ndipo pothira aimirire pomwepo aone chigubu chikutsegulidwa.

Komanso mzere wa galimoto ndi umene umapha klatchi kwambiri kuposa liwiro. Ndimaona madalaivala atagwiriza galimoto pa chitunda ndi theka la klatchi m'malo mokoka handibuleki, ena phazi lili pa pedulo ulendo wonse. Kutero n'kupera ndalama. Ukaima, ika nyutulo, chotsa phazi. Mpata wa kutsogolo ukatseguka pang'ono, usathamangire kuutseka, ngakhale wa minibasi aimbe hutala. Ena, pofuna kusunga mafuta, amathamangira kuika giya yachisanu galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, kenako n'kuponda moto. Pa injini ngati ya 86 zimenezi n'zoipa. Inapangidwira petulo wapamwamba amene ku Japan ali ndi pampu yakeyake, pamene kuno pampu ya petulo ndi imodzi, palibe kusankha. Ukailemetsa pa giya yapamwamba imayamba kugogoda. Tsitsa giya, injini ipume. Ndipo petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, nthawi imene mafuta asowa, ndi bwino galimoto igone kusiyana n'kuimwetsa ameneyo.

Mizere ya mafuta ija inandisonyeza ubwino wina wa manyuwo. Munthu ukagona pa mzere, wailesi ikulira, foni ili pa chaja, m'mawa tanka ikafika umapeza batire yafooka. Wa manyuwo amapempha anyamata awiri atatu amukankhe, giya yachiwiri, kusiya klatchi, injini yalira. Izi zimatheka ngati batire ili ndi kamphamvu kotsala koyendetsa pampu ya mafuta ndi kompyuta, osati itaferatu. Wa otomatiki, kaya akankhidwe mpaka ku Lumbadzi, siilira. Ayenera kupeza mawaya ndi mnzake wachifundo. Ikafa panjira, kuikoka ndi chingwe mtunda wautali matayala akumbuyo ali pansi kumaononga giyabokosi, chifukwa pampu ya oyilo imazungulira pokhapokha injini ikulira. Imafuna bulekidauni yoinyamula yonse. Ganizirani zimenezo muli pakati pa Salima ndi Nkhotakota dzuwa likulowa.

Nanga chisangalalo chake chili pati, poti ndangotchula mavuto? Chili pa msewu wa Khwekhwerere. Mukadutsa Dedza n'kukhotera pa Masasa kutsikira ku Golomoti, msewu umapindika mobwerezabwereza, chigwa chili pansi, nyanja ikuonekera patali kukakhala kowala. Pamenepo sipafuna liwiro. Pamafuna kuti munthu adziwe giya imene ali, atsitse asanalowe pokhota, amve galimoto ikugwira msewu, atuluke bwinobwino. Pa giya yachitatu ndi yachiwiri injini ndi imene imagwira galimoto, mabuleki amangothandizira. Ndimafika ku Golomoti manja ndi mapazi zonse zitagwira ntchito, ndipo chimenecho n'chimene ndinalipirira. Wa otomatiki akhozanso kutero, pakuti 86 ya otomatiki imalola kusankha giya ndi dzanja, koma ambiri amangosiya pa D n'kutsika phiri lonse phazi lili pa buleki. Mabuleki akatentha amasiya kugwira. Uthenga umenewu ndi wa aliyense wa otomatiki, ngakhale wa Sienta.

Pa mphamvu, kusiyana kumadalira galimoto. 86 yoyamba, imene inatuluka mu 2012, inali ndi mahosipawa 200 mbali zonse ziwiri. Atayikonzanso mu 2016, ya manyuwo inafika 207, ya otomatiki inatsalira pa 200. Pa RX-8 yoyamba mpata ndi waukulu: 250 pa manyuwo ya magiya 6, 210 pa otomatiki. Koma RX-8 ndingoti, pokhapokha ngati muli ndi makaniko amene anatsegulapo injini ya rotary ndi manja ake, isiyeni ku Japan komweko. Ilibe mapisitoni, imadya oyilo mwachibadwa, ndipo ukaizimitsa isanatenthe imatha kukana kulira. Honda S2000 ndiye inathetseratu mkangano, siinapangidwepo ya otomatiki. Ogula 86 adziwenso kuti dzina ndi la Toyota koma inapangidwira ku fakitale ya Subaru, injini yake ndi yogona cham'mbali ngati ya Subaru BRZ. Wogulitsa sipeya akakuuzani kuti ya Corolla ikwana, musavomere.

Pali zina zimene giyabokosi iliyonse singakupulumutseni. Galimoto yanga kuchoka pansi ndi masentimita 13 okha. Hampu iliyonse ndimaikwera chopingasa, tayala limodzi limodzi, a kumbuyo akutukwana. Nthawi ya mvula misewu yafumbi ya m'makomboni ndimaiona ndi maso. Matayala ake ndi opyapyala, dzenje limodzi likhoza kupinda rimu. Msonkho wa pachipata umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho wa injini ya 3.5 awerengetsere bwino asanatumize ndalama. Achibale nawo sakondwa. Mipando yakumbuyo ndi ya ana, thumba la chimanga sililowa bwino, ndipo pa maliro kumudzi amangoti, “Achimwene, galimoto yanuyi ndi yachibwana.” Ubwino wake, poti ambiri ophunzira masiku ano amangodziwa otomatiki, obwereka galimoto pa ukwati anachepa okha. Tsiku logulitsa ndi pamene zimenezi zidzanditembenukire, chifukwa ogulanso adzakhala ochepa.

Kwa anzanga amene asandutsa misewu yatsopano yotakata, monga Kenyatta, kukhala bwalo la mpikisano usiku, mawu ndi ochepa. Galimoto yokankhidwa ndi matayala akumbuyo, pa tala wonyowa, imatembenuka dalaivala asanadziwe chimene chachitika. Kabatani kozimitsira chitetezo choletsa matayala kuterereka musakakhudze. Pamsewu pathu pali wa kabaza wopanda nyali, mwana wa sukulu, mayi wosenza nkhuni. Mukutichititsa manyazi tonse amene tili ndi galimoto zotere, ndipo apolisi a pamsewu akatiimitsa kawirikawiri sitingawadandaule.

Pempho langa lipite kwa ogulitsa galimoto amene adzaza m'mbali mwa misewu ya mumzinda uno. Galimoto imene inadutsa pa okushoni inabwera ndi pepala lake, ndipo inu munaliona musanaigule. Bwanji wogula akafunsa mumati linatayika? Liikeni pa galasi pamodzi ndi mtengo. Lolani wogula abwere ndi makaniko wake, aikweze pa jeke, aone pansi, alumikize makina owerengera kompyuta, aiyendetse injini ili yozizira osati mutaitenthetsa kale. Ndipo inu a Mkonzi, ngati n'kotheka tipatseniko tsamba, ngakhale kamodzi pamwezi, pamene amakaniko odziwa ntchito angamayankhe mafunso a owerenga m'Chichewa, kuyambira ndi ili la oyilo wa otomatiki.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe